Zigubu Zitatu za ku Germiston

Germiston
16 Okutobala 1994

Make Rahma,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi ana athu, Rahma ndi Ismail. Ine kuno ndili bwino. Chifuwa chija chinatha, kwangotsala kakhosi kokanda m'mawa chifukwa cha fumbi la m'migodi.

Khazikani mtima pansi, Mwanahalima, ntchito ndaipeza. Alihamudulila. Miyezi yonseyi ndangokhalira kuyeza misewu ya eni ake ndi mapazi, nsapato mpaka zinayasama. Wandithandiza ndi bambo wina wa kwathu konko, a Maliko a ku Dwambazi. Tinakumana pa maliro a Mmalawi mnzathu ku Tembisa. Atamva kuti ndine wa kwa Malengachanzi anati, "Ada, mawa mubwere, kuli tsache likusowa mwini." Ndi Mkhristu, komabe pa nkhomaliro amaonetsetsa kuti mbale yanga isayandikane ndi yake ikakhala ya nkhumba.

Malo ake amati labotale. Amabweretsa madzi ndi dothi za m'migodi ndi m'mafamu, akatswiri n'kumaziyeza ngati zili ndi zoipa. Ine yanga ndi kutsuka timabotolo tagalasi, kusesa ndi kukolopa. Anandipatsa chijasi choyera chofika m'mawondo. Mukanandiona mukanati munakwatiwa ndi dokotala, koma ndi dokotala wa tsache.

Ndatumiza marandi 200 ndi a Bakari, a pa Benga aja amene amanyamula katundu wa anthu a ku Joni. Musasinthe onse nthawi imodzi, ndamva kuti kwacha ikugwa tsiku ndi tsiku. Gulani mbewu ya mpunga, ya faya, musadikire mvula. Ndipo poti boma latsopanoli lati sukulu ndi yaulere, Rahma apite. Yunifolomu isakhale chifukwa.

Tsono nkhani yokoma nayi. Kuseri kwa labotale kuli kakhola ka waya komwe amaikamo zotaya. Anthu akuno kutaya kwake! Ndinapezamo zigubu zitatu zoyera, za malita 25, pulasitiki wake wokhuthala, zivindikiro zopota. Kwathuko munthu akhoza kusinthanitsa ndi mbuzi. Mlonda ndinamupatsa fodya, anayang'ana kumbali. Ndazitsuka ndi sopo, ndipo mapepala onse amene anamatapo ndawanyowetsa ndi madzi otentha n'kuwapala ndi mpeni, kuti a pachipata cha ku Mwanza asati n'zakuba, komanso kuti zioneke ngati za m'sitolo. Zayera mbee, simungasiyanitse ichi ndi icho. Chimodzi n'chanu, muzisungiramo madzi akumwa, ana aleke kumwa za mumtsuko wong'aluka uja. China mukapereke kwa Amayi ndi manja anu. Chachitatu kwa amalume a Yasini, asati Joni yandiiwalitsa abale.

Za mapepala anga okhalira kuno musafunse, tidzakamba pamaso. Moni kwa onse ondifunsa.

Ndine mwamuna wanu,
Useni

Germiston
9 Novembala 1994

Make Rahma,

Salamu. Thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Ndikhulupirira telegalamu imene ndatumiza pa sitolo ya pa Benga yakufikani. Mawu ake ndi ochepa poti amalipiritsa liwu lililonse. Pano ndifotokoze bwino.

Dzulo dona wamkulu wa labotale, Mmwenye wa ku Durban, anatisonkhanitsa ife atsopano kutiphunzitsa zithunzi za pa mabotolo ndi pa zitseko. A Maliko ankamasulira. Zithunzizo zili pa timapepala ta mtundu wa lalanje. Cha lawi la moto, ndiye kuti chinthucho sichiyandikana ndi fodya kapena machesi. Cha dontho logwera pa dzanja, dzanja n'kudyeka, ndi asidi, sagwira popanda magolovesi. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati mwana wa ku madrasa. Kenaka ananyamula cha chigaza cha munthu ndi mafupa awiri opingasa. Anati ichi chikalowa m'kamwa, ngakhale pang'ono, chimapha, mwina tsiku lomwelo, mwina pang'onopang'ono. Anatinso chigubu chimene munakhala zotere sichiyeranso, mankhwalawo amalowerera m'pulasitiki.

Mwanahalima, ndinachizindikira pomwepo. Chithunzi chimenecho ndinachipala ndi mpeni wanga pa chimodzi mwa zigubu zija. Ndinkayesa ndi chizindikiro cha kampani, ngati mkango wa pa machesi akuno. N'chiti mwa zitatuzo, sindikudziwa. Si ndinaziyeretsa zonse mofanana?

Chonde musamwere, musaphikire, musatawazire. Thamangani kwa Amayi ndi kwa amalume lero lomwe. Mwana akadandaula m'mimba kapena mutu musadikire, pitani naye kuchipatala ku boma, ndipo mukanene zonse osabisa.

A Maliko akuti ndiyenera kukaulula kwa dona kuti atiuze munali chiyani. Ndikaulula ndiye kuti ndavomera kuti ndinatenga za m'khola, ndipo mukudziwa mmene ndikhalira kuno. Ntchito ikatha ithe. Ndikupita mawa. Yankhani msanga pa positi, musadikire a Bakari.

Useni

Germiston
11 Disembala 1994

Make Rahma,

Salamu aleikumu. Ine ndili bwino, ndipo lero ndikunena zoona, osati za m'kalata chabe. Yanu ndinailandira Lachisanu. Ndinaitsegula ndili chiimire pa geti. Nditafika pamene munalemba kuti tonse tili bwino, palibe wamwera, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu pomwepo, anthu kumandilambalala poyesa ndaledzera. Mwezi wonsewu chakudya sichimatsika. Tsiku limenelo ndinatha buledi wathunthu ndekha.

Koma inu mayi inu! Ine ndinati musungiremo madzi, inu n'kuthiramo palafini wogulitsa m'timabotolo. Chikwatiranireni ndakhala ndikudandaula kuti simumva zonena zanga. Lero ndikuthokoza Allah chifukwa cha makutu anu oumawo. Musazolowere tsono. Palafini amene watsalamo musagulitsenso, sitidziwa kuti wasakanikirana ndi chiyani, mpamba wanu ndibweza ine. Amalume nawo andiseketsa. Akuti madzi ali nawo nyanja yonse, chigubu n'kuchimangirira ku ukonde kuti chiziyandama.

Kwa dona ndinapita, a Maliko anandiperekeza. Ndinavala malaya anga enieni kunsi kwa chijasi, kuti akandithamangitsa ndingovula n'kumapita. Sanakalipe. Anavula magalasi n'kufunsa kuti kwanu kuli ana angati. Atafufuza anatiuza kuti m'ziwiri munali madzi oyera otcheza, amene timatsukulutsira magalasi, opanda vuto. Chachitatu ndi chimene amathiramo zotsala akamaliza kuyeza, mankhwala osiyanasiyana pamodzi, ena mayina ake lilime langa silingawakwanitse. Anandilembera chenjezo n'kundidula malipiro a sabata imodzi. Mlonda uja anamusamutsira kwina, tikakumana sitilonjerana. Za mapepala anga sanafunse, nanenso sindinayambitse.

Ntchito ilipo, Mwanahalima. Ndipo pano aika lamulo loti chigubu chilichonse chibooledwe chisanapite kukhola. Woboola wake ndine. Mtima umawawa, zigubu zabwinobwino, koma ndimaboola ndithu. A Maliko amandiseka. Dzulo anati, "Ada, chigubu cha chigaza si choipa, chimakuuza chokha kuti ndisiye. Choopsa ndi chopanda pepala, ngati zanu zija." Pano botolo lopanda pepala ndikalipeza pa tebulo sindiligwira, ndimaitana mwini wake.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi cha Amayi. Mwalemba kuti anachikweza pa mtanda wa denga, n'kuchifunditsa chitenje, akuti akusungira Ramazani kuti azikanyamulira thobwa lofuturira, lomasulira kusala madzulo, ku mzikiti, ndipo akana kukupatsani. Kuchisunga kumeneko n'kumene kwawapulumutsa mpaka lero, chinthu cha ku Joni sachigwiritsa tsiku wamba. Koma taganizani anthu a mzikiti wonse, atamanga tsiku lathunthu, m'mimba mopanda kanthu. Ramazani ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, nthawi ilipo. Pitaninso, mwaulemu, mutenge paketi ya shuga. Muwauze kuti mawuwa ndi anga, si anu.

Mwezi uno ndatumiza 120 yokha, chifukwa mwachimva. Mvula ikakhazikika mupeze aganyu awiri owokera mpunga, musadziphe nokha ndi msana uja. Ndakondwa kuti Rahma wayamba sukulu, ngakhale akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango.

Wanu,
Useni

Germiston
8 Januwale 1995

Make Rahma,

Salamu aleikumu. Ndathokoza kumva kuti malungo a Ismail atha ndipo wayambanso kuthamangitsa abakha a eni ake. Ine ndili bwino. Mukaona kalembedwe kokhota musadabwe, dzanja lamanja lili ndi bandeji. Kanthu kakang'ono. Golovesi linang'ambika ine osaona, dontho linapeza njira. Ndinathamangira pa mpope umene uli pansi pa chikwangwani chobiriwira, poti anatiphunzitsa kuti chobiriwira ndi pothawira, ndinatsirapo madzi nthawi yaitali. Khungu lokha ndi limene lasupuka.

Mawu a Amayi ndawamva. Akuti anachitsuka kasanu n'kawiri, kamodzi ndi dothi, monga titsukira mbale imene galu wanyambita, ndiye chayera, palibe najisi ingatsalemo. Pa za chipembedzo sakulakwa, ndipo musawatsutse pamenepo, mungapse nazo. Koma izi si najisi. Malovu a galu amakhala pamwamba, mankhwala awa amalowa m'kati mwa pulasitiki mwenimweni. Atengereni chanu chija, achitsuke kasanu n'kawiri ndi dothi lomwe, kenaka anunkhize ngati palafini wachoka. Ndinafunsanso shehe wa mzikiti umene timaswalira kuno. Anati kutsuka kumachotsa najisi, sikuchotsa poizoni.

Zoti Amayi akuti mukufuna kuwalanda chawo chifukwa chanu chanunkha palafini, zimenezo zandiwawa kwambiri. Ndikudziwa mmene munalirira polemba, inki inachita kufalikira. Pirirani. Amayi chimene chawapweteka n'choti aka n'koyamba mwana wawo kuwatumizira chinthu chochokera ku Joni, ndipo mudzi wonse unabwera kudzachiona.

M'envulopu muno mupeza timapepala tomata. Wandipatsa ndi dona, ndinamufotokozera za Ramazani. Titatu n'ta chigaza. Titatu tina tili ndi mtengo wouma ndi nsomba yakufa, tanthauzo lake n'loti chinthucho chikalowa m'madzi chimapha nsomba ndi zomera. Zithunzi ziwiri zonsezi zinali pa chigubu choipa chija ndisanapale. Matani pa zonse zitatu. Zimene pakamwa pathu palephera, mwina maso awo adzamva. Amalume muwaonetse cha nsombacho poyamba.

Potaya musatenthe, utsi wake ndi woipanso. Musaponye m'nyanja kapena mumtsinje. Musangotaya kudzala, mawa lake mudzachipeza pamutu pa mwana wa wina akupita kuchitsime, ndi ndani kwathu angadutse chigubu osatola? Boolani pansi ndi m'mbali, mukumbe dzenje lakuya kumtunda, kutali ndi chitsime ndi dambo la mpunga. Dona akuti si njira yeniyeni, kuno kuli galimoto yake imene imazitenga, koma kumudzi palibe ina yoposa imeneyo.

Sabata yatha kunabwera alendo a yunifolomu pa nyumba imene timagona. Ine ndinali kuntchito. Bedi la mnzathu wa ku Mangochi pano lili lokha. Ndasamukira kwa a Maliko, makalata muzilembera pa adiresi ya kuntchito. Ndaikamo 150, theka mugulire Amayi shuga ndi mafuta a Ramazani.

Ndine,
Useni

Germiston
12 Febuluwale 1995

Make Rahma,

Salamu aleikumu, ndipo Ramazani ikuyendereni bwino. Ine ndikumanga, ngakhale masiku akuno ndi aatali, dzuwa limachita ngati laiwala kolowera. Dzanja lapola.

Kalata yanu yandipatsa mpumulo ndi manyazi nthawi imodzi. Zigubu zonse zitatu zili pansi pa dothi. Alihamudulila. Ndawerenga mawu amenewo mobwerezabwereza mpaka a Maliko anandilanda pepala kuti ndidye.

Amalume sindinawakayike. Msodzi kumuonetsa nsomba yagona chagada, safunsa kawiri. Ndinachita kuwaona m'maganizo akupalasa bwato kukachimasula, akunditukwana njira yonse. Koma za Amayi sindinaganize bwino, ndipo pepani. Ndinayesa chigaza chiwaopseza kuti asiye chigubu. Sindinaganize kuti akuwa kuti mpongozi wawabweretsera chithunzi cha imfa m'nyumba, n'kuchimatula kuponya pamoto. Ndinakupatsani ntchito imene inayenera kukugwerani pamutu.

Ndiye inu, Mwanahalima, amene chikwatiwireni simunalowepo m'nyumba ya apongozi osaodira, munadikira apite kudambo, chimera ali atanyika kale, n'kulowa kukatsitsa chigubu pa mtanda. Nkhwangwa! Ine ndinati boolani, inu munachita kuwaza ngati nkhuni. Ndaseka, kenaka ndalira. Ndikanakhala ine ndikanapitiriza kunyengerera mpaka thobwa litafika ku mzikiti.

Tsono mwalemba kuti akukutchani wansanje, ena mpaka akuti mfiti, kuchitsime akazi amasiya kulankhula mukafika, ndipo ankhoswe aitanidwa. Mukufunsa ngati mupite kwanu ku Benga mpaka zizizire. Mukafuna kupita sindikukanizani. Koma ndikupempha mudikire kaye. Ndime ili m'munsiyi muwapatse amalume a Yasini, akaiwerenge mokweza pamaso pa Amayi ndi ankhoswe a mbali zonse. Musawerenge ndinu.

Amayi, ndine Useni mwana wanu. Ndagwada. Chigubu chija sindinagule m'sitolo. Ndinachitola pa zotaya za kuntchito, ndipo ndinapala mapepala ake kuti muyese n'chatsopano, muzinyadira. Pa mapepalapo panali chenjezo loti munakhala poizoni. Chithunzi cha chigaza chinachokera kwa ine, osati kwa mpongozi wanu, ndipo si chamatsenga, amamata ndi a kampani pochenjeza anthu. Amene anabweretsa imfa m'nyumba mwanu ndine. Amene anaitulutsa ndi nkhwangwa ndi Make Rahma. Mwina chanucho chinali chimodzi mwa zabwino zija, palibe angadziwe tsopano. Koma mukanapatsa anthu omanga thobwa la mmenemo, wina n'kugwa, mukanakhala nawo bwanji m'mudzi? Ngati pali woti mumukwiyire, ali kuno ku Germiston. Mundikhululukire.

Basi. A Bakari anyamuka kumapeto kwa mwezi ndi zovala za Idi za ana, nsapato za Rahma ndayeza ndi chingwe chimene munatumiza. Zigubu sindinaikemo.

Wanu nthawi zonse,
Useni

Germiston
19 Malichi 1995

Make Rahma,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino, ndanenepa pang'ono, chijasi chayamba kukana mabatani. Idi ndinadyera kwa anzathu a ku Salima, a Maliko anabwera nawo n'kutha mpunga kuposa ife amene tinamanga.

Kalata yanu yatsitsa katundu amene ndinasenza kuyambira chaka chatha. Ndakondwa kuti simunapite ku Benga. Amalume anachita bwino kusankha Lachisanu, anthu atangochoka koswali, kuti amve ambiri. Mwalemba kuti atamaliza kuwerenga, Amayi anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndiye kuti chitsiru n'changa chomwe, ndinabala ndekha." Mawu amenewo ndawalandira, ndi anga ndithu. A Maliko akuti awalemba pa pepala la lalanje andimate pamsana.

Zoti mmawa mwake anatuma Rahma kudzabwereka ndowa yanu, n'kunyamuliramo thobwa masiku onse otsala a Ramazani, musayembekeze kupepesa koposa pamenepo. Amayi ndimawadziwa. Ndipo ngati pa Idi anakuitanani kuti muphikire limodzi, n'kukupatsani chiwindi cha mbuzi pamaso pa azilamu anu, nkhani yatha. Akazi a kuchitsime aja asiyeni, amene anayamba kukunenani ndi omwewo ayambe kudzabwereka mchere.

Kuntchito zikuyenda. Abwera atsopano awiri, wa ku Mozambiki ndi wa ku Lesotho, ndipo dona anati zithunzi ndiwaonetse ndine. Chizungu changa mukuchidziwa, koma chigaza sichifuna Chizungu. Wa ku Mozambikiyo ndinamupeza akusuzumira m'khola muja, maso ali pa zigubu. Ndinamuitanira pambali, tinakamba. Za mapepala anga dona wayamba kufunsafunsa kwa odziwa, sindinena zambiri, zingalephereke.

Ndatumiza 250. Mpamba wanu wa palafini uli momwemo, mugule chigubu cha m'sitolo pa boma. Mbalame zikayamba kugwa mumpunga mulembe munthu woziingitsa, Rahma asajombe kusukulu chifukwa cha mpheta.

Mwapepesa kuti m'kalata yanu mulibe moni wochokera kwa Amayi, kuti mutawafunsa anati, "Ameneyo musamulembere kanthu." Mwatinso tsiku lililonse ali pachitsime kufotokozera aliyense za mwana wawo wopusa wa ku Joni, wotumizira amake zotola kudzala, mawu mpaka kumveka kumsewu. Musawakakamize, ndipo musandimvere chisoni. Kuyambira Novembala, ndikatseka maso ndinkaona anthu akuyeza nsalu ya sanda yokulungira maliro pakhonde pawo, ine ndili kuno wopanda ngakhale pepala lobwerera kukaika. Lero ndikumva kuti aimirira pachitsime, manja m'chiuno, akukalipa. Wokalipa ndi wamoyo, Mwanahalima. Asiyeni anditukwane mpaka mpunga upse. Inu muzindilembera zonse zimene akunena, musasiyeko ngakhale liwu limodzi.

Ndine mwamuna wanu, chitsiru cha Amayi,
Useni